Tchuthi chosambira m'nyanja zopanda mchere kwa masiku angapo: mafunso ndi mayankho

Masiku ano kuli makampani okonza tchuthi choti anthu azisambira kuchoka gombe lina kukafika gombe lina, kapena kutuluka m'nyanja ina kukalowa ina, kwa masiku anayi, asanu, mwina sabata yathunthu, otsogolera akuwatsatira pa boti. Amene akuganiza zopita koyamba amafunsa mafunso ofananirako, ndipo ndi amene tawasonkhanitsa pano. Tikunena za nyanja za madzi opanda mchere basi. Nyanja zikuluzikulu zamchere zili ndi nkhani yakeyake.

Tsiku limodzi limayenda bwanji?

Mukadya kadzutsa, otsogolera amasonkhanitsa gulu lonse n'kufotokoza za tsikulo: polowera, potulukira, kutalika kwa mtunda, mmene madzi azizirira m'mawa umenewo, ndi kumene mphepo ikuchokera. Mtunda wautali amauika m'mawa chifukwa nyanja zambiri zimakhala bata dzuwa lisanakwere. Masana mumadya n'kupumulako, chakumadzulo n'kulowanso kwa mtunda wofupikirapo. Mukaphatikiza zonse, pa maulendo ambiri ndi makilomita 3 mpaka 6 patsiku. Alipo maulendo ofewa oti anthu amasambira pang'ono n'kumaona malo, aliponso okhwima a anthu okonzekera mipikisano.

Katundu wanu amatsogola pa galimoto kupita kumene mukagone. Kumene nyanja zayandikana, monga Buttermere ndi Crummock Water ku Lake District m'dziko la England, mumatuluka m'madzi, kuvala nsapato, n'kuyenda wapansi kukalowa m'nyanja inayo.

Ndiyenera kukhala wodziwa kusambira kufika pati?

Uwu si ulendo wokaphunzirira kusambira. Okonza ulendo adzakufunsani kuti kilomita imodzi mumaimaliza pa mphindi zingati osaima, ndipo malire amene amaika kawirikawiri amakhala pakati pa mphindi 30 ndi 40. Yankhani zoona. Yankho lanulo ndi limene amagawira magulu, gulu lililonse ndi chipewa cha mtundu wake ndi boti lake. Munthu wodzikweza n'kulowa gulu la akatswiri amathera sabata yonse akuthamangitsa mapazi a anzake, osaona phiri kapena chilumba, ndipo pofika tsiku lachitatu mapewa amakhala atakana.

Tsiku lachitatulo ndi limene muyenera kuliganizira kwambiri. Makilomita 4 kamodzi kokha, ambiri osambira pafupipafupi m'dziwe lochita kumangidwa angathe. Nkhani yagona poti mawa lake mudzuke n'kulowanso, mkuja n'kulowanso, manja ali olemera, khosi litasupuka, madzi ali ozizira monga dzulo. Amene amasangalala nawo maulendo amenewa nthawi zambiri si othamanga kwambiri ayi, koma odziwa kusunga mphamvu. Liwiro lokha silikwanira.

Dziwaninso kuti nthawi yanu ya m'dziwe imakunamizani pang'ono. M'dziwe la mamita 25, pa kilomita imodzi mumakankha khoma pafupifupi ka 40, ndipo nthawi iliyonse manja amapumako inu osazindikira. M'nyanja mulibe khoma.

Ndinasambirapo m'nyanja yamchere. Kodi pali kusiyana?

Kulipo, ndipo mudzakumva pa mphindi zoyambirira. Lita imodzi ya madzi amchere imalemera pafupifupi makilogalamu 1.025, pamene ya madzi opanda mchere imalemera kilogalamu 1. Pa pepala kusiyanaku kumaoneka kochepa, koma m'madzi opanda mchere thupi limakhala lotsikirapo, miyendo imamira msanga, ndipo wosambira mutu uli m'mwamba amatopa mwachangu.

Mbali yabwino ndi yoti lilime silitupa ndi mchere, khungu silisupuka kwambiri, ndipo madzi sakwera ndi kuphwa tsiku ndi tsiku monga amachitira m'nyanja zikuluzikulu. Koma musaganize kuti nyanja yaing'ono ndi yofatsa. Mafunde ake amakhala aafupi, othithikana, omenya kumaso motsatizana, osakupatsani mpata wopumira. Nyanja za pakati pa mapiri zili ndi mphepo zake zodziwika. Pa Lake Garda ku Italy, mphepo yotchedwa Pelèr imawomba m'mawa kuchokera kumpoto, ndipo masana imabwera Ora kuchokera kummwera. Wotsogolera wodziwa nyanja yake amakonza njira potengera zimenezi, n'chifukwa chake nthawi zina amakuyambitsani kumene inu mumayesa kuti n'kothera.

Madzi amazizira bwanji, nanga kuzizirako n'koopsa?

Funso ili ndi limene liyenera kukutengerani nthawi kuposa ena onse. Madzi amadutsitsa kutentha mowirikiza pafupifupi ka 25 kuposa mpweya, moti madigiri 17 a Celsius amene pamtunda mungayende ndi malaya okha, m'madzi amaluma. Bungwe la World Aquatics, loyendetsa mipikisano yosambira padziko lonse, sililola mpikisano wa panyanja ngati madzi atsika kupitirira madigiri 16. Nyanja zambiri za kumapiri ndi za kumpoto kwa dziko lapansi zimakhala pafupi ndi malire amenewa ngakhale m'nyengo yotentha.

Kuzizira kumagwira munthu m'magawo. Poyamba ndi pamene mwangolowa kumene: khungu likakhudza madzi ozizira, mumakoka mpweya mwadzidzidzi osafuna, kupuma kumathamanga, mtima umagunda kwambiri. Zimenezi zimatenga mphindi imodzi kufika zitatu. Ngozi yake ndi yoti mukakoka mpweyawo nkhope ili m'madzi, mumakoka madzi. Ndiye musadumphire. Lowani pang'onopang'ono, nyowetsani nkhope ndi khosi, dikirani mpaka kupuma kukhazikike, kenako yambani. Kafukufuku wa Mike Tipton wa ku University of Portsmouth anasonyeza kuti kulowa m'madzi ozizira kwa mphindi zochepa maulendo asanu kapena asanu ndi limodzi kumachepetsa kudzidzimuka kumeneku pafupifupi ndi theka. Choncho kuzolowera kumayambika musananyamuke, osati pa tsiku loyamba la tchuthi.

Gawo lachiwiri limabwera mwakachetechete. Thupi limachepetsa magazi opita m'manja ndi m'miyendo pofuna kuteteza mtima ndi ubongo, ndipo minofu imayamba kufooka. Zala zimatambasuka osafuna kugwirizana, manja amapalasa madzi koma osapita kutsogolo, mawu amatuluka ngati a munthu woledzera. Choipa n'choti wozizidwayo sazindikira. Amati ali bwinobwino. N'chifukwa chake otsogolera amawerenga kuti manja anu akupalasa kangati pa mphindi, ndipo nthawi zina amakufunsani mafunso ooneka achibwana, monga dzina la hotela imene munagona. Akufuna amve mmene mukuyankhira. Kutentha kwa mkati mwa thupi kukatsika kupitirira madigiri 35, ndiye kuti zafika poipa.

Gawo lachitatu ndi limene ambiri sakuliyembekezera, chifukwa limabwera mutatuluka kale. Thupi limapitiriza kuzizira mkati kwa mphindi zingapo, mwina mpaka theka la ola. Mumatuluka mukuseka, n'kumajambula zithunzi, ndipo pakangopita kanthawi mano ayamba kugundana, zala zikukanika kumanga mabatani. Gwiritsani ntchito mphindi zoyambazo: vulani zonyowa, dzipukuteni, valani kuyambira kumutu ndi pachifuwa, imwani chakumwa chofunda, khalani pobisika ku mphepo. Osathamangira kukasamba madzi otentha, chifukwa mungachite chizungulire n'kugwa. Mowa sufunditsa, umangotsegula mitsempha ya pakhungu kutentha n'kumathawa.

Palinso china cha nyanja zakuya. M'nyengo yotentha madzi ofunda amayandama pamwamba, ozizira ali pansi, ndipo m'nyanja zakuya za kumaiko ozizira madzi a pansi penipeni amakhala pafupi ndi madigiri 4 chaka chonse, popeza pamenepo ndi pamene madzi amalemera kwambiri. Mukaima chilili kuti mupume, mapazi amakhudza kuzizirako. Mphepo yamphamvu ikawomba usiku wonse imakankhira madzi ofunda mbali imodzi, ozizira n'kukwera, moti gombe limene dzulo linali lofunda lero lingakudabwitseni. Pamatsiriro a mitsinje yochokera ku mapiri a chipale chofewa pamazizira chimodzimodzi.

Ndivale wetsuit kapena ayi?

Wetsuit ndi chovala chonga mphira chogwira thupi lonse. Ngati ndi ulendo wanu woyamba ndipo madzi ali pansi pa madigiri 20, valani. Ngakhale pa mipikisano ya World Aquatics, madzi akatsika kupitirira madigiri 18 aliyense amakakamizidwa kuvala. Wetsuit imasunga kutentha komanso imakuyandamitsani, zimene zimathandiza kwambiri m'madzi opanda mchere. Ikhale yopangidwira kusambira, yopyapyala m'mapewa, osati yokhuthala ya osewera pa mafunde kapena omira pansi pa madzi. Muiyese kangapo musananyamuke. Yothina pachifuwa imabanika, yokhwepa imalowetsa madzi, ndipo iliyonse imasupula khosi ngati simunadzole mafuta oteteza khungu.

Madzi akafunda, ivuleni. Kutenthedwa kumaphanso. Malire a madigiri 31 amene World Aquatics imatsatira anabwera pambuyo pa imfa ya katswiri wa ku America, Fran Crippen, amene anamwalira pa mpikisano wa makilomita 10 m'madzi otentha ku Fujairah, m'dziko la United Arab Emirates, mu 2010.

Ndani amationetsetsa tili m'madzi?

Gulu lililonse limakhala ndi woliyang'anira pa kayaki (kabwato kopalasa) kapena pa boti laling'ono, ndipo pamakhala boti la injini lotha kunyamula munthu msanga kupita naye kumtunda. Mumavala chipewa cha mtundu wowala, ndipo pa maulendo ambiri mumakoka chibaluni chomangirira m'chiuno kuti maboti ena akuoneni. Mutu wa munthu pakati pa mafunde ndi kanthu kakang'ono kwambiri kwa woyendetsa boti lothamanga. Zizindikiro amazifotokoza tsiku loyamba. Chodziwika kwambiri ndi kugona chagada n'kukweza dzanja limodzi ngati mukufuna thandizo. Wenzulo ikalira, imani, dzutsani mutu, yang'anani boti.

Lamulo limene silikambirana ndi ili: wotsogolera akati tulukani, tulukani. Ngakhale gombe likuoneka pafupi, ngakhale mukumva mphamvu. Iye akuona mtambo umene uli kumbuyo kwanu, sitima ikubwera, kapena milomo yanu itasintha mtundu. Munthu mmodzi wokangana ndi boti amachititsa kuti gulu lonse liime m'madzi ozizira likumudikira. Ngati mukudziwa kuti simukonda kuuzidwa zochita, ulendo wa mtundu uwu mwina si wanu.

Nditatopa pakati pa nyanja?

Mumakwera boti, kupuma, kumwa china chake, ndipo ngati simunazizidwe mukhoza kulowanso patsogolo. Palibe amene akulemba mayina. Kudumpha kusambira kwa madzulo amodzi kuti mapewa apume n'kwanzeru kuposa kukakamira n'kutaya masiku awiri otsala.

M'dziwe ndimasambira bwino, koma ndikaganiza za madzi akuda pansi panga mtima umagunda. Nditani?

Simuli nokha. Zimagwira ndi akatswiri omwe. M'dziwe mumaona matailosi ndi mzere wakuda pansi, pamene m'nyanja mumaona manja anu okha, ndipo m'nyanja zina za ku Scotland madzi amakhala ofiirira moti ngakhale manjawo saoneka bwino. Madzi akangopitirira msinkhu wanu, kaya ndi mamita 3, kaya ndi 79 ngati pa Wastwater, nyanja yakuya kwambiri ku England, ntchito ya manja ndi yomweyo. Mutu ndi umene umafuna kuuzidwa zimenezi mobwerezabwereza.

Mantha ambiri amayamba ndi kupuma. Munthu akachita mantha amaugwira mpweya, ndipo akaugwira amabanika, akabanika mantha amakula. Tulutsani mpweya wonse nkhope ili m'madzi. Werengani kupalasa kwa manja mpaka 50 n'kuyambiranso. Zikakula, tembenukani chagada muyang'ane kumwamba mpaka befu athe. Uzani wotsogolera tsiku loyamba lomwe kuti akuikeni pafupi ndi kayaki. Udzu wa m'madzi ukakukhudzani mwendo, musapalepale. Sugwira munthu, umangokulunga amene akuthatha. Dutsani pang'onopang'ono miyendo ili phee.

Ndingasambire bwanji mowongoka popanda mzere?

Sankhani chinthu chachikulu ndi chachitali kutsogolo: nsonga ya phiri, mtengo wodziwika, nsanja ya tchalitchi monga ya pa chilumba cha Lake Bled ku Slovenia. Chinthu choyandama pamadzi chimabisika ndi mafunde. Mukapalasa kasanu ndi kamodzi mpaka ka 10, tulutsani maso okha, osati mutu wonse, suzumirani, n'kupumira pambali monga mwa nthawi zonse. Phunziraninso kupumira mbali zonse ziwiri, kuti mafunde kapena dzuwa zikachokera kumanja muzitha kutembenukira kumanzere. Wosambira mokhotakhota amawonjezera mtunda umene sanalipire.

Ndikonzekere bwanji?

Miyezi itatu yosambira katatu pa sabata ndi poyambira pabwino kwa munthu amene amasambira kale. Onjezerani mtunda pang'onopang'ono, chifukwa mapewa amavulala ndi kuchulukitsa mwadzidzidzi. Mwezi womaliza, yesani zimene mukachite kumeneko: masiku awiri kapena atatu otsatizana, komanso kawiri tsiku limodzi, m'mawa ndi madzulo. Muyesenso kusambira mphindi 45 kapena ola osagwira khoma. Ndipo lowani m'madzi a panja kangapo, mutavala zimene mukavale, muli ndi munthu wina wokuyang'anirani. Nokha ayi, ngakhale mutakhala katswiri.

Madziwo ndi aukhondo? Pali matenda otani?

Madzi oyera mbee si umboni woti mulibe kanthu, ndipo obiriwira si onse oopsa. Zodetsa nkhawa zazikulu ndi izi.

M'nyengo yotentha, makamaka m'nyanja zolandira feteleza wokokoloka m'minda, mumabuka ndere za mtundu wa cyanobacteria. Zimaoneka ngati penti wobiriwira wothiridwa pamadzi, ndipo zina zimatulutsa poizoni woyambitsa zidzolo, kusanza ndi kutsekula m'mimba. Agalu amafa nazo. Zikaoneka, otsogolera amasintha malo, ndipo musawaumirize. Mvula yamphamvu ikagwa, mitsinje imabweretsa ndowe za ziweto ndi zonyansa za m'mapaipi, choncho kwa tsiku limodzi kapena awiri amapewa matsiriro a mitsinje ndi magombe a pafupi ndi matauni.

Pali kuyabwa kwa khungu kobwera ndi tinyongolotsi ta mbalame za m'madzi, timene timakulira mu nkhono. Timalowa pakhungu la munthu molakwitsa n'kufera pomwepo. Kumavutitsa kwa masiku angapo koma si koopsa, ndipo kumapezeka kwambiri m'madzi osaya, ofunda, a udzu. Musakhalitse pagombe, ndipo mukatuluka dzipukuteni mwamphamvu ndi thaulo.

Oopsa ndi matenda a leptospirosis, amene amachokera mu mkodzo wa makoswe ndi ng'ombe n'kulowera pa chilonda, m'maso kapena m'kamwa. Matani zilonda ndi pulasitala yosalowa madzi. Matendawa amayamba ngati chimfine chachikulu, kutentha thupi, mutu, kuphwanya kwa minofu makamaka ya akatumba a miyendo, nthawi zambiri pakapita sabata imodzi kapena ziwiri. Mukadwala chotero mutabwerako, uzani dokotala kuti munasambira m'nyanja, chifukwa popanda kumuuza sangaganizireko msanga.

M'nyanja za kumadera otentha a ku Africa, komanso mbali zina za South America ndi Asia, muli likodzo. Nalonso limadutsira mu nkhono ndipo limalowa pakhungu labwinobwino. Munthu akhoza kukhala nalo miyezi osamva kanthu. Ngati ulendo wanu uli kudera lotero, kayezetseni pakapita miyezi iwiri kapena itatu mutabwerako. Mankhwala ake ndi praziquantel, ndipo sagwira bwino ntchito akamwedwa tizilombo tisanakhwime, choncho kumwa tsiku lomwe mwatuluka m'madzi sikuthandiza.

Nanga nyama?

M'nyanja za ku Europe, choopsa chenicheni ndi boti, osati nyama. Kumadera kumene kuli ng'ona kapena mvuu, nkhani ndi ina: mumasambira pokhapokha pamene anthu odziwa malowo avomereza, ndipo osati m'bandakucha kapena chisisira.

Ndili ndi matenda ena. Ndingapite?

Ngati muli ndi vuto la mtima, kuthamanga kwa magazi, mphumu, shuga kapena khunyu, kapena muli oyembekezera, kambiranani ndi dokotala musanalipire, ndipo mumuuze kuti ndi madzi ozizira, kutali ndi gombe, masiku otsatizana. Pa fomu ya okonza ulendo lembani zonse. Ambiri amabisa poopa kukanidwa, koma wotsogolera amene akudziwa kuti muli ndi mphumu amasunga mankhwala anu opopera m'boti pafupi, pamene wosadziwa amataya mphindi akulingalira chimene chakugwirani.

Pali vuto lina limene aliyense ayenera kulidziwa, ngakhale wathanzi. Nthawi zina posambira m'madzi ozizira, madzi a m'thupi amadzaza m'mapapo, munthu asanamwe madzi a m'nyanja ngakhale dontho. Zizindikiro zake ndi kubanika kosagwirizana ndi mphamvu imene mukugwiritsa ntchito, chifuwa chosaleka, kulira kwa m'chifuwa, nthawi zina makhololo a thovu osakanikira magazi. Limakonda anthu othamanga magazi, ndipo wetsuit yothina komanso kumwa madzi ochuluka kwambiri musanalowe zimaganiziridwa kuti zimawonjezera. Mukamva chotero tulukani nthawi yomweyo, khalani tsonga, masulani wetsuit, fundani, ndipo kaonaneni ndi achipatala ngakhale mutapezako bwino. Limakonda kubwereranso kwa amene linawagwirapo.

Nyengo ikaipa zimatha bwanji?

Njira imasintha. Mmalo modutsa pakati pa nyanja mumasambira m'mbali mwa gombe lobisika ku mphepo, kapena mumapita ku nyanja ina yaing'ono. Mvula payokha siletsa kusambira. Zoletsa ndi mphepo yamphamvu, chifunga chobisa osambira kwa otsogolera, ndi mphenzi. Bingu likamveka aliyense amatuluka, ndipo amadikira mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza. Ndondomeko imene munaiona polembetsa muitenge ngati cholinga, osati lonjezo. Kampani yolonjeza kuti mudzadutsa nyanja yakutiyakuti zivute zitani, ine ndingaikayikire.

Ndinyamule chiyani?

Zovala zosambirira ziwiri kapena zitatu, chifukwa kuvala chonyowa m'mawa wozizira kumagwetsa ulesi. Magalasi osambirira awiri, ena oyera a tsiku la mitambo, ena akuda a dzuwa, onse oti munawayesapo kale. Zotsekera m'makutu, popeza madzi ozizira akalowa m'khutu amabweretsa chizungulire potuluka. Nsapato zolowa nazo m'madzi za pa miyala. Chipewa chaubweya, jekete lotchinga mphepo ndi zovala zokhwepa zosavuta kuvala ndi zala zadzanzi. Mafuta oteteza ku dzuwa osachoka ndi madzi, odzola kumsana, kukhosi ndi kumbuyo kwa miyendo, malo amene amayang'ana kumwamba maola onse amene mukusambira.

Zakumwa ndi zodya za m'madzi amakupatsirani pa boti, kawirikawiri pakapita mphindi 30 mpaka 45. Imwani ngakhale simukumva ludzu, chifukwa m'madzi thukuta limatuluka osaoneka. Njala nayo idzakhala yaikulu kuposa ya masiku onse. Ino si sabata yodzimana chakudya.

Maulendo amenewa amachitikira kuti, ndipo liti?

Ku Europe nyengo yake ndi kuyambira June mpaka September. Ku Slovenia kuli Lake Bled, yotalika pafupifupi makilomita 2, ndi Lake Bohinj, yopitirira pang'ono makilomita 4, imene ili m'nkhalango yotetezedwa ya Triglav. Kutalika kotereku n'kokwanira bwino kusambira kwa m'mawa umodzi. Lake Annecy ku France, ya makilomita pafupifupi 14, imadziwika ndi madzi oyera. Windermere, nyanja yaikulu kwambiri ku England, ndi ya makilomita pafupifupi 17, ndipo pa tchuthi anthu amaisambira m'zigawo. Ku Finland kuli Saimaa ndi zilumba zake zambirimbiri, kumene mumasambira kuchoka chilumba china kukafika china. Kummwera kwa dziko lapansi, monga ku New Zealand ndi ku Chile, nyengo yake ndi December mpaka March.

Kumayambiriro kwa nyengo madzi amakhala asanafunde ngakhale dzuwa likuwala, pamene chakumapeto amakhala ofunda koma mpweya wa m'mawa wayamba kuzizira. Ngati nyanjayo ili pamwamba kwambiri m'mapiri, fikani tsiku limodzi kapena awiri ulendo usanayambe, chifukwa befu amabwera msanga kumeneko.

Sindingangopita ndekha osalipira otsogolera?

Malamulo amasiyana dziko ndi dziko. Ku Scotland, lamulo la Land Reform Act la 2003 limapatsa anthu ufulu wofika ndi kusambira m'nyanja zambiri malinga achite mosamala, ndipo ku Finland ufulu wotere ndi wakalekale. Ku England ndi Wales madzi ambiri ali ndi eni ake ndipo ufulu wosambira si wa paliponse. Ku Plitvice m'dziko la Croatia, ngakhale nyanja zake n'zokopa bwanji, kusambira n'koletsedwa. Madamu osungira madzi akumwa kapena opangira magetsi nthawi zambiri ndi oletsedwanso, ndipo pafupi ndi mapaipi okokera madzi m'poopsa.

Kusambira m'mbali mwa gombe ndi mnzanu pamalo ololedwa n'kotheka. Kudutsa pakati pa nyanja popanda boti lokuperekezani ndi nkhani ina. Ndalama zimene mumalipira kwenikweni ndi za botilo, ndi za munthu wodziwa kumene sitima zimadutsa ndi nthawi imene mphepo imatembenuka.

Mnzanga sasambira. Angabwere nawo?

Makampani ena amalola, ena ayi, chifukwa malo a m'boti ndi ochepa ndipo amasungira osambira otopa. Funsani musanalembetse.

Ndifunse chiyani ndisanalipire?

Funsani kuti wotsogolera mmodzi amayang'anira osambira angati, ali ndi maphunziro otani opulumutsa anthu m'madzi ndi a chithandizo choyamba, ndipo boti la injini lilipo nthawi zonse kapena ayi. Funsani kutentha kwa madzi pa sabata yeniyeni imene mukupitayo, osati kwa nyengo yonse. Funsani kuti chipatala chapafupi chili pa mtunda wotani, m'boti muli zida zotani, ndipo amadziwa bwanji za ukhondo wa madzi. Kampani yabwino imayankha zimenezi mosavuta, ndipo nayonso imakufunsani mafunso ambiri. Imene ikungofuna dzina ndi ndalama, osafunsa za liwiro lanu kapena thanzi lanu, ipeweni.

Werenganinso bwino pepala la inshulansi ya ulendo. Zambiri zimateteza kusambira wamba koma osati kusambira mitunda italiitali kutali ndi gombe. Apempheni akulembereni kuti zimene mukachite zili mkati.

N'chifukwa chiyani amatiuza kuchapa wetsuit tisanalowe m'nyanja ina?

Chifukwa osambira amanyamula zamoyo kuchoka nyanja ina kupita ina osadziwa. Kachidutswa kakang'ono ka udzu wa Crassula helmsii, wochokera ku Australia ndi New Zealand, kokanirira pa zipi kakhoza kumera n'kudzaza gombe lonse, ndipo ukakhazikika kuuchotsa n'kovuta kwambiri. Nkhono za mtundu wa zebra mussel zimayenda chimodzimodzi, ana ake ali aang'ono osaoneka ndi maso. Ku New Zealand akulimbana ndi ndere yotchedwa didymo, imene imakuta miyala ya pansi pa mitsinje. Zina mwa zamoyozi zimakhala moyo masiku ambiri m'chovala chonyowa.

Ndiye mukatuluka, yang'anani wetsuit, nsapato, chibaluni ndi magalasi, chotsani chilichonse chokanirira n'kuchisiya pomwepo, chapani ndi madzi a pampopi kutali ndi gombe, ndipo yanikani ziume kunja ndi mkati momwe. Pa ulendo wa nyanja zingapo nthawi youmitsira imachepa, choncho otsogolera ena amabweretsa ndowa zochapira, ena amakupemphani kukhala ndi chovala china cha nyanja yachiwiri, ndipo ena amasanja njira kuti muyambire nyanja zopanda zamoyo zachilendozi n'kumalizira zimene zili nazo kale.